Ndinaika RAM ya 8 GB, kompyuta n'kumangoona 3 yokha

Laputopu yanga inkachedwa moti ukatsegula Word umatha kumwa tiyi kapu yonse isanayankhe. Ndiye ndinasunga ndalama pang'onopang'ono mpaka ndinagula RAM yokwana 8 GB. Nditaika, kompyuta inavomera kuti muli 8 GB, koma n'kulemba pambali kuti ingathe kugwiritsa ntchito 3 GB ndi kakang'ono chabe. Ndinapsa mtima, ndimvekere andigulitsa yachinyengo. Komatu RAM inalibe mlandu. Windows yanga inali ya 32-bit.

Taganizani za mabokosi a makalata a ku positi ofesi aja. RAM ili choncho: timabokosi tambirimbiri, kalikonse kosunga byte imodzi, kalikonse ndi nambala yake. Purosesa ikafuna kanthu imatchula nambalayo. Bokosi lopanda nambala silingafikike, ngakhale lilipo ndithu.

Tsono mutapatsidwa malo a manambala awiri okha, mulemba kuyambira 00 kulekeza 99, mabokosi 100 basi. Kompyuta imadziwa 0 ndi 1 yekha, ndipo malo amodzi oterewa ndiye bit. Ma bit 2 amapereka manambala anayi: 00, 01, 10, 11. Ma bit 3 amapereka 8, ma bit 4 amapereka 16. Mukapitiriza kuchulukitsa ndi 2 mpaka ma bit 32, mupeza 4,294,967,296. Mabokosi amenewa ndiye 4 GB, ndipo manambala athera pomwepo.

Nanga bwanji ine ndinaona 3, osati 4? Zipangizo zina za m'kompyuta, makamaka chimene chimaonetsa zithunzi pa sikirini, zimatengako manambala pa mndandanda womwewo. RAM imatsala ndi zotsalazo.

Musaganize kuti 64-bit ndi 32-bit kuwirikiza kawiri. Paja bit iliyonse yowonjezera imachulukitsa ndi 2, ndiye ma bit 64 amapereka 4 GB ija kuchulukitsa ndi mabiliyoni anayi ndi kuposerapo. Apa malire amaika ndi anthu: Windows 10 Home ya 64-bit imalekeza pa 128 GB, pomwe Pro imafika 2 TB, pa purosesa yomweyo. Kwa ine imeneyo ndi nkhani ya malonda, osati masamu.

Musanagule RAM, pitani pa Settings, System, kenako About, muwerenge mzere wa System type. Umanena zinthu ziwiri: mtundu wa Windows ndi mtundu wa purosesa. Kwanga kunalembedwa Windows ya 32-bit pa purosesa ya x64. Ndiye kuti purosesa inali yokonzeka kalekale. Paja AMD inatulutsa Athlon 64 mu 2003.

Kuchoka pa 32 kupita pa 64 si kungodina batani ayi, Windows imayenera kuikidwa mwatsopano. Ndinakopera mafayilo anga onse pa fulashi, n'kutaya masana onse a Loweruka. Madzulo ake About inaonetsa pafupifupi 8 GB yonse.