Mwana Akatupa, Musaiwale Impso

Makolo ambiri kuno ku Lundazi akaona mwana atatupa zikope m'mawa, kenaka miyendo ndi mimba, amathamangira kunena kuti ndi mdulo, mwina njala. M'banja mumabuka kulozana zala, pamene nthawi zina gwero lake ndi impso.

Impso iliyonse ili ndi timasefa pafupifupi 1,000,000 tosefa magazi usana ndi usiku. Timasefati tili ngati lichero lolukidwa bwino, ndipo chimodzi mwa zomangira zake ndi puloteni yotchedwa nephrin, imene Karl Tryggvason ndi anzake anaitulukira ku Finland mu 1998. Chomangirachi chikafooka, mapuloteni a m'magazi amatayikira mu mkodzo, mkodzowo umachita thovu, thupi nkuyamba kutupa.

Nanga akatswiri amaiona bwanji puloteni yosaoneka ndi masoyi? Amagwiritsa ntchito asilikali a m'thupi otchedwa ma antibody, opangidwa mwadala m'zinyama monga akalulu. Asilikaliwa amakakamira nephrin yekha, ndipo akawapaka utoto wowala amaonetsa pa makina oonera tinthu tating'ono ngati sefayo ili yathunthu kapena ayi. Mu 2022 ofufuza a ku Boston anapezanso kuti odwala ena thupi lawo lomwe limapanga asilikali oukira nephrin.

Kwa inu makolo, choyamba nchapafupi: pitani ndi mwana ku chipatala cha Lundazi kapena cha mishoni ku Lumezi akamuyeze mkodzo. Ana ambiri otere amachira ndi mankhwala a prednisolone, adokotala akamawayang'anira. Musachedwe ndi milandu ya pakhomo mwana akuvutika.