Ku Sanga dikoda imadya za pa fulashi

Papita zaka zoposa 10 chidutsireni 17 June 2015, tsiku lomwe maiko a mu Africa ndi ku Ulaya adagwirizana kuti akhale atasiya kuulutsa kanema mwachikale n'kuyamba za dijito. Madikoda adafikadi mpaka kumidzi. Koma ku Sanga, doko la asodzi lomwe lili pakati pa Nkhata Bay boma ndi Chintheche, timabokosi tina tikugwira ntchito yomwe ogulitsa sankaiganizira kwenikweni.

Msodzi wa usipa amalowa m'nyanja madzulo ndi nyali zake n'kukocheza m'bandakucha, ndiye filimu ya usiku imam'pita. Iye amafuna kuonera pa nthawi yake, monga amachitira a m'tauni pa intaneti, koma bandulo yoonera filimu yathunthu si ya aliyense. Chomwe chapulumutsa anthu ndi kabowo ka USB pa dikoda.

Mnyamata wina ali ndi kashopu ka malata kufupi ndi msewu wa M5. Laputopu yake ndi yomanga ndi selotepi pachivundikiro, moto amautenga ku sola ndi batire la galimoto. Anthu amabwera ndi mafulashi, ena akununkha nsomba, kuti awaikire mafilimu. Sikungokopera chabe. Pulogalamu yomwe ili m'kati mwa dikoda idalembedwa kutali, kawirikawiri ku China, ndipo idalembedwera kachipangizo kochepa mphamvu. Mabokosi akale amadziwa mafilimu a H.264, koma ukawapatsa a H.265 umangomva mawu, chithunzi chili bii. Choncho mnyamatayu amayamba waisintha filimuyo, ntchito yomwe imadya batire lake kwa maola. Fulashi ya FAT32 silandira fayilo yoposa 4GB, ndiye filimu yaitali amaidula pawiri. Magawo a sewero lopitirira amawalemba 01, 02, 03, chifukwa akalemba 1, 2, 3 bokosi limaika gawo 10 patsogolo pa gawo 2, anthu n'kuona maliro a munthu amene sadadwale n'komwe.

Chomwe chidamukanika n'chakuti moto ukathima, bokosi limaiwala pomwe filimu idalekezera. Mwini vidiyo shoo wina kugombe amangolemba mphindizo pakhoma ndi khala.

Mkangano uli pa kufulasha, kutanthauza kuchotsa pulogalamu yomwe dikoda idabwera nayo n'kuikamo ina yotengedwa pa intaneti. Mnyamatayu akuti kutero kumadzutsa mabokosi ouma ndipo ena amayamba kuwerenga mafayilo omwe ankawakana. Bambo wina wogulitsa madikoda ku Chintheche sakufuna n'kumva komwe. Iwo akuti mabokosi awiri ofanana kunja akhoza kukhala ndi zipangizo zosiyana m'kati, ndipo ukaika pulogalamu ya linzake, kapena batire likatha ntchito ili pakati, dikoda imangotsala ndi kagetsi kofiira osayakanso. Akatero, ati, anthu amabwerera kwa iwo kudzadandaula kuti adawagulitsa chinthu chakufa.

Bambowa akunena zoona, ndipo ali ndi mfundo inanso: ena amafulasha n'cholinga chotsegula matchanelo olipira mwakuba. Mnyamata uja akukana kuti sachita nawo zimenezo, ngakhale nkhani ya mafilimu okopera, yomwe lamulo la 2016 loteteza eni zaluso limaletsa, adaizemba mwaulemu. Komabe wogulitsayo alibe yankho kwa munthu yemwe bokosi lake lauma. Kwa wokonza ku Mzuzu, thiransipoti yokha ikhoza kuyandikira mtengo wa dikoda ina, ndiye anthu amalolera kuyesa mwayi pa kashopu ka malata.

Mafilimu omwe akuyenda malonda kwambiri ndi a nkhondo ndi a karate omasuliridwa ndi ma DJ m'Chichewa. Kuno kwawo kwa Chitonga, ana akamasewera pamchenga pafupi ndi matandala a usipa, amamenyana mwamasewera uku akudzisimbira okha m'Chichewa cha ma DJ aja, nthabwala zake ndi zomwezo.