Kusankha Chakudya Chouma cha Amphaka Okhala Panja

 M'nkhani yathu ya lero tikambirana za mphaka, chiŵeto chimene chimalondera chuma cha pakhomo usiku wonse. Anthu ambiri kuno kwathu salola mphaka kugona m'nyumba. Malo ake ndi pakhonde, kunsi kwa nkhokwe, kuseri kwa sitolo kapena pachigayo, ndipo ntchito yake ndi yothana ndi makoswe amene amaononga chimanga. Masiku ano m'masitolo akuluakulu a m'mizinda mumapezeka matumba a chakudya chouma cha amphaka, chopangidwa ngati timibulu ting'onoting'ono, ndipo mitengo yake ndi yosiyana kwambiri. Kodi munthu wa ndalama zochepa angasankhe bwanji thumba limene angalikwanitse mwezi ndi mwezi, koma losadwalitsa mphaka wake?

Tiyambe ndi mawu amene timawamva kaŵirikaŵiri, akuti mphaka akakhuta amachita ulesi, choncho ndi bwino kumusiya ndi njala kuti azigwira makoswe. Tiyeni tiŵerengere pamodzi. Mphaka wamkulu wolemera makilogalamu 4 amafuna chakudya chopatsa mphamvu zokwana makalori 200 mpaka 250 patsiku. Mbeŵa imodzi yaing'ono imampatsa makalori pafupifupi 30 okha. Ndiye kuti mphaka wodalira kusaka kokha ayenera kugwira mbeŵa 7 kapena 8 tsiku lililonse, chilimwe ndi dzinja lomwe. Pakhomo pamene pali mbeŵa zochuluka chotero, nkhokwe inatha kale. Mphaka wanjala amayamba kuyendayenda m'makomo a eni, kuvundukula miphika ya ndiwo ndi kugwira anapiye, ndipo mapeto ake ndi mikangano pakati pa anansi. Kusaka ndi chibadwa cha mphaka, ndipo amasaka ngakhale atadya. Chakudya cha pakhomo ndicho chimampatsa nyonga ndi kumusunga pafupi ndi nkhokwe yanu.

Tsopano tione m'mene thupi la mphaka linapangidwira. Kholo la mphaka wa pakhomo ndi vumbwe, nyama ya m'tchire yodya mbeŵa, mbalame ndi abuluzi. Ubwenzi wake ndi munthu ndi wakalekale, pakuti pachilumba cha Cyprus panapezeka manda a zaka pafupifupi 9,500 zapitazo m'mene munthu anaikidwa pafupi ndi mphaka. Komabe zaka zonsezi sizinasinthe m'mimba mwake. Galu amatha kukhala ndi moyo pa nsima ndi zotsala za ndiwo, koma mphaka amafuna zinthu zina zimene zimapezeka m'nyama ndi m'nsomba mokha. Mwachitsanzo, munthu akadya papaya kapena dzungu, thupi lake limadzipangira vitamini A. Thupi la mphaka silingathe kutero, ndipo vitamini ameneyu ayenera kumupeza wopangidwa kale, monga m'chiŵindi.

Chinthu china chofunika koposa chimatchedwa taurine. M'chaka cha 1975 akatswiri a ku America anaonetsa kuti mphaka wosoŵa taurine amaonongeka maso pang'onopang'ono mpaka kuchita khungu. M'chaka cha 1987 dokotala wa ziŵeto Paul Pion ndi anzake a pa yunivesite ya California ku Davis anapeza kuti amphaka ambiri amene anali kudwala matenda ofooketsa mtima anali osoŵa taurine, ngakhale kuti anali kudya chakudya chogula m'masitolo. Atawapatsa taurine, mitima yawo inayambanso kugwira bwino ntchito. Kuyambira pamenepo makampani anayamba kuthira taurine wokwanira m'chakudya cha amphaka. Apa pali phunziro kwa ife: chakudya cha agalu, ngakhale chimatsika mtengo, sichinapangidwe molingana ndi zosoŵa zimenezi. Mphaka akalaŵako tsiku limodzi palibe choopsa, koma wodya chimenecho miyezi yambiri adzadwala.

Nanga mukafika m'sitolo muyang'ane chiyani? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musatengeke ndi chithunzi cha mphaka wonenepa chimene chili kutsogolo kwa thumba. Litembenuzeni, muŵerenge timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo. Popeza timalembati kaŵirikaŵiri timakhala m'Chingerezi, tikutchulirani mawu ake monga m'mene alili.

Choyamba, funani liwu lakuti "complete". Liwu limeneli likutanthauza kuti chakudyacho ndi chokwanira pachokha, ndipo mphaka angathe kukhala ndi moyo wathanzi pa icho ndi madzi basi. Mukaona liwu lakuti "complementary", dziŵani kuti chimenecho ndi chongoonjezera, ndipo sichiyenera kukhala chakudya cha tsiku ndi tsiku.

Chachiŵiri, onani kuchuluka kwa mapuloteni, zakudya zomanga thupi, pamene palembedwa kuti "crude protein". Bungwe la AAFCO la ku America, limene miyezo yake imatsatidwa ndi opanga chakudya cha ziŵeto ambiri, limati chakudya cha mphaka wamkulu chikhale ndi mapuloteni osachepera magawo 26 pa 100 alionse, ndi mafuta osachepera magawo 9, poyesa chakudya chochotsedwa madzi onse. Kwa ana amphaka ndi mphaka waikazi wa bere kapena woyamwitsa, mapuloteni akhale osachepera magawo 30. Choncho thumba lolembedwa 26 kapena kuposerapo ndi loyenera mphaka wamkulu, ndipo lolembedwa 30 kapena kuposerapo ndi labwino koposa kwa mphaka woyenda panja usiku wozizira wa mwezi wa June ndi July.

Chachitatu, ŵerengani mndandanda wa zinthu zimene anasakaniza. Zinthuzi amazilemba kuyambira cholemera kwambiri kutsikira m'munsi. Zakudya zotsika mtengo zambiri zimayamba ndi chimanga, tirigu kapena mpunga. Zimenezi si poizoni, pakuti mphaka amagaya ufa wophikidwa bwino, ndipo ufawo ndiwo umagwirizanitsa timibulu tija. Chofunika n'chakuti pa zinthu ziŵiri kapena zitatu zoyambirira pakhale nkhuku, nsomba kapena nyama. Mawu akuti "poultry meal" kapena "fish meal" asakuopseni. Imeneyi ndi nyama ya nkhuku kapena nsomba youmitsidwa ndi kuperedwa, ndipo ili ndi mapuloteni ambiri. Onetsetsaninso kuti liwu lija lakuti taurine lilipo pamndandandawo.

Chachinayi, onani dzina la kampani, tsiku limene chakudya chidzathe mphamvu, ndi nambala ya kalembera. Matumba ochokera ku South Africa amakhala ndi nambala yoyamba ndi chilembo V, motsatira lamulo la dzikolo lotchedwa Act 36 la m'chaka cha 1947. Kufunika kwa zimenezi kunaoneka m'chaka cha 2007, pamene amphaka ndi agalu ambiri ku America anafa ndi matenda a impso. Kunapezeka kuti m'zosakaniza zina zochokera ku China munathiridwa mankhwala otchedwa melamine, amene amanamiza muyeso kuti uonetse ngati mapuloteni ndi ambiri. Matumba oopsawo anatha kulondoledwa ndi kuchotsedwa m'masitolo chifukwa anali ndi maina ndi manambala. Chakudya chogulitsidwa mopima m'timapepala topanda dzina simungachidziŵe kumene chachokera ngakhale tsiku limene chinapangidwa. Chipeŵeni.

Tsopano tifike pa nkhani ya ndalama. Mtengo wa thumba pawokha umanyenga. Chofunika kuŵerengera ndi ndalama zimene mphaka adzadya patsiku. Pathumba lililonse amalemba magalamu oyenera kupatsa mphaka molingana ndi kulemera kwake. Tiyerekeze kuti pali matumba aŵiri, lililonse la makilogalamu 2. Loyamba mtengo wake ndi K10,000, ndipo palembedwa kuti mphaka adye magalamu 80 patsiku. Thumba limeneli lidzatha pa masiku 25, ndiye kuti K400 patsiku. Lachiŵiri mtengo wake ndi K13,000, koma chifukwa chakuti lili ndi mafuta ndi mapuloteni ambiri, mphaka amakhuta ndi magalamu 50. Limeneli lidzakhala masiku 40, ndiye kuti K325 patsiku. Mitengo imeneyi ndi yongoyerekeza, koma kaŵerengedwe kake n'komweko kulikonse. Thumba looneka lokwera mtengo nthaŵi zina ndilo losunga ndalama zanu.

Thumba lalikulu limatsika mtengo pa kilogalamu, koma ligulidwe ndi munthu amene ali ndi amphaka angapo. Thumba likatsegulidwa, mafuta a m'chakudya amayamba kuonongeka, makamaka m'nyengo yotentha ya October ndi November, ndipo ndi bwino kuti lithe pasanapite milungu 6. Amene muli ndi mphaka mmodzi mungathe kugwirizana ndi mnansi kuti mugule thumba limodzi n'kugaŵana. Sungani chakudyacho m'thumba lake lomwelo, mulimange bwino, ndi kuliika m'ndowa yotsekeka pamalo ouma, kutali ndi dzuŵa. M'nyengo ya mvula chenjerani ndi chuku. Alimi a mtedza ndi chimanga akudziŵa kuti chuku chimabala poizoni wa aflatoxin amene amaononga chiŵindi, ndipo chimodzimodzi kwa ziŵeto. Chakudya chonyowa, chonunkha kapena chogwirana chitayeni pamene galu ndi nkhuku sizingachipeze.

Kadyetsedwe kakenso kangasunge kapena kumwaza ndalama. Mukasiya mbale yodzaza panja tsiku lonse, mudzakhala mukudyetsa nkhuku, akhwangwala, agalu a m'mudzi, ngakhale makoswe amene mukufuna kuwathamangitsa. Pimani chakudya cha tsiku, muchigaŵe paŵiri, m'maŵa ndi madzulo kusanade, pa nthaŵi yofanana tsiku lililonse. Mphaka sachedwa kuzoloŵera. Ikani mbale pamalo okwera ndi ofoleredwa, ndipo pakapita theka la ola chotsani chotsala. Ngati nyerere zavuta, khazikani mbaleyo m'kati mwa mbale ina yotakata yokhala ndi madzi pang'ono. Amphaka akakhala angapo, aliyense akhale ndi mbale yake, kuti wamphamvu asalande chakudya cha wofooka.

Madzi asaiŵalike. M'thupi la mbeŵa magawo pafupifupi 70 pa 100 ndi madzi, pamene m'chakudya chouma muli magawo 10 okha kapena kucheperapo. Mphaka mwachibadwa samva ludzu msanga, choncho wodya chakudya chouma ayenera kupeza madzi oyera pafupi nthaŵi zonse. Mukaona mphaka, makamaka wamwamuna, akuvutika pokodza, akulira, koma mkodzo osatuluka, thamangirani naye kwa dokotala wa ziŵeto tsiku lomwelo, pakuti njira ya mkodzo ikatsekeka amatha kufa pa masiku aŵiri kapena atatu.

Ambiri angafunse ngati n'kotheka kuonjezera zakudya za pakhomo kuti thumba lichedwe kutha. Inde n'kotheka. Usipa kapena matemba oŵiritsa opanda mchere wambiri, dzira lophika, mitima ndi nthutumba za nkhuku, zonsezi ndi zabwino zikaperekedwa pang'ono. Koma nsomba zokhazokha tsiku ndi tsiku sizikwanira, ndipo nsomba zina zaziŵisi zimaononga vitamini B1 m'thupi la mphaka. Ndiwo zothira anyezi kapena adyo zimaononga magazi ake. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu. Ndipo mphaka akadwala musampatse paracetamol, mankhwala amene ife timamwa mutu ukamapweteka, chifukwa ngakhale mbulu umodzi ungathe kumupha.

Posintha mtundu wa chakudya, sakanizani chatsopano ndi chakale kwa sabata imodzi, mukuchulukitsa chatsopanocho pang'onopang'ono. Pakatha mwezi umodzi kapena iŵiri, mphaka mwini adzakuuzani ngati munasankha bwino. Ubweya ukhale wosalala, chimbudzi cholimba, ndipo nthiti zimveke mukamsisita koma zisaonekere patali. Ngati akudya bwino koma akuwondabe, mwina ali ndi nyongolotsi, zimene amphaka odya makoswe amazitenga kaŵirikaŵiri. Funsani alangizi a ziŵeto za mankhwala ake, pamodzi ndi katemera wa chiŵeŵe. Kumbukiraninso kuti bere la mphaka limatenga milungu 9 yokha, ndipo amatha kuswa kaŵiri kapena katatu pachaka. Kumtengera kwa dokotala kuti amtseke kubereka kumachepetsa pakamwa pofuna chakudya.

Mwachidule, omvera athu, funani chakudya chokwanira chopangidwira amphaka, chokhala ndi mapuloteni osachepera magawo 26, taurine, dzina la kampani ndi tsiku lothera mphamvu. Ŵerengerani mtengo wa patsiku, sungani thumba pouma, pimani chakudya, ndipo madzi asasoŵe. Walira mvula walira matope: amene wafuna mlonda wa nkhokwe ayeneranso kumdyetsa.