Ndege za m'Boma la Chongwe

Bwalo lalikulu

Munthu wochokera ku Bundabunda popita ku Lusaka pa msewu wa Great East, asanalowe mumzinda amapitirira mphambano yopita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Ambiri amaliyesa la Lusaka, chikhalirecho lili m'boma la Chongwe, pa nthaka ya Asoli. Linatsegulidwa mu 1967, ndipo silinamangidwe modzionetsera ayi. Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu a ku Rhodesia mu Novembala 1965, mafuta odzera kummwera analeka kufika, moti kwa miyezi ingapo ndege za Britain, Canada ndi America ndizo zinkatuta mafuta kuchokera ku Tanzania ndi Congo. Dziko lopanda doko linaona lokha kuti njira ya mumlengalenga ndi yofunika pamene mnansi watseka chipata.

Wina anganene kuti ndege ndi za a matumba olemera, mlimi wa chimanga ku Bundabunda amangoimva kulira kumwamba iye ali pa khasu. N'zoona kuti sakwera. Koma amene anaona nkhondo sanganene kuti za mumlengalenga sizikhudza mudzi. Pa 19 Okutobala 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa ZIPRA, asilikali omenyana ndi boma la Smith, ku Chikumbi, ndipo mtsogoleri wazo, wodzitcha Green Leader, analamula nsanja ya pa bwalo lomweli kuti ndege zankhondo za Zambia zisanyamuke. Chinali chipongwe chachikulu, mlendo kulamula mwini nyumba m'bwalo mwake, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ana athu a sukulu amadziwa mayina a oimba akunja koma tsikuli salidziwa.

Nkwazi

Kampani ya Zambia Airways inagula ndege yaikulu ya DC-10 mu 1984 n'kuitcha Nkwazi. Inkanyamuka pano kupita ku London, mpaka ku New York. Ngongole zinaimiza kampaniyo mu Disembala 1994, pakuti kunyada sikulipira mafuta.

Za masiku ano

Dzina la Kaunda linaikidwa pa bwaloli mu 2011 ndi Pulezidenti Michael Sata. Nyumba yatsopano yolandirira apaulendo, yomangidwa ndi ngongole ya ku China, inatsegulidwa mu 2021, chaka chomwe Zambia Airways inayambanso kuuluka mogwirizana ndi Ethiopian Airlines.