Za Msonkho Wodulidwa pa Bonasi

Fodya akatha kugulidwa pa msika wa Chinkhoma, eni minda ena a m'chidikha cha Kasungu amapatsa antchito awo ndalama yapadera yothokoza nayo, imene anthu amaitcha bonasi. Koma kawirikawiri kapitawo amatuluka mu ofesi ali kung'ung'udza, pakuti ndalama imene yafika m'manja mwake yachepa kusiyana ndi imene anamulonjeza. Milandu yotere imafika kwa mphunzitsi wa pamudzi, popeza ndiye adziwa masamu.

Pa nthawi ya atsamunda munthu ankapita yekha kukakhoma msonkho ndi kulandira chiphaso. Lero wantchito sauona n'komwe msonkho wake. Lamulo likakamiza wolemba ntchito kuudula pa malipiro asanawapereke, ndi kuutumiza ku Malawi Revenue Authority, bungwe limene linayamba ntchito mu 2000, lisanapite tsiku la 14 la mwezi wotsatira. Njira imeneyi ndiyo PAYE. Tsono pamaso pa lamulo bonasi si mphatso ai. Ndi malipiro ndithu, pakuti munthu waipeza chifukwa cha ntchito.

Msonkhowu uli ndi makwerero. M'chaka cha 2024 boma linaika kuti K150,000 yoyamba pa mwezi isakhomedwe, ndalama yapamwamba pake kufikira K500,000 idulidwe K25 pa K100 iliyonse, ndipo yopitirira apo idulidwe K30, kenaka K35. Kalaliki wolandira K200,000 pa mwezi ankakhoma pa K50,000 yokha, ndiyo K12,500. Mwezi wa bonasi ya K100,000 zonse pamodzi zinali K300,000. Pochotsa K150,000 ija panatsala K150,000, ndipo msonkho wake unali K37,500. Motero msonkho wa mwezi umenewo unachuluka katatu, ndipo pa bonasi kalalikiyo anapita kwawo ndi K75,000.

Apa ndi pamene ambiri amaganiza kuti abwana awabera. Chimene chachitika nchakuti gawo losakhomedwa lija linatha kale ndi malipiro a mwezi, kotero kuti bonasi yonse inagwera pa khwerero lokhomedwa. Alipo ena amene amaopa bonasi yaikulu, nati idzawakweza pa khwerero lina ndi kuwadyera malipiro awo. Mantha amenewa ngachabe, pakuti mlingo wapamwamba umagwira ndalama yokhayo imene yadutsa malire.

Kubedwa kwenikweni, kumene kumachitika, kumabisala pena. Ngongole ya ufa kapena ya katapila ikaphatikizidwa ndi msonkho pa mzere umodzi, wantchito sangadziwe chimene chapita ku boma ndi chimene chatsala mu ofesi. Chikalata cha malipiro chiyenera kuonetsa chilichonse pachokha, ndipo ndicho choyamba chimene mphunzitsi aitanitse asanagwire choko. Afunsenso milingo ya chaka chimenecho, chifukwa Nyumba ya Malamulo imaisintha pokambirana bajeti.