Kufufuza makolo akale ku England: yambani ndi mudzi

Tiyerekeze kuti mukufuna kudziwa makolo a banja lina la ku England, amene anakhalako zaka 700 zapitazo. Muyambira pati? Agogo oti muwafunse palibe. Otsala ndi mapepala okha.

Vuto ndi lakuti mipingo ya kumeneko inayamba kulemba maina a obatizidwa, okwatirana ndi omwalira m'caka ca 1538. Cisanafike caka cimeneco, munthu wamba ankalembedwa makamaka pa nkhani ya munda, msonkho kapena mlandu. Ngakhale buku lochuka la Domesday, la mu 1086, linachula eni malo. Alimi wamba linangowawerenga, osalemba maina awo.

Conco musathamangire dzina la banja. Maina ambiri anali asanakhazikike, ndipo mlembi aliyense ankalemba dzina mmene walimvera. Yambani ndi mudzi.

Pali mabuku a mbiri ya midzi, a Victoria County History, amene anayamba kulembedwa mu 1899. Amafotokoza mudzi ndi mudzi: mwini malo anali ndani, ndipo atamwalira malowo anapita kwa ndani. Ambiri mungawawerenge kwaulere pa intaneti, pa British History Online. Musadumphe timawu ting'onoting'ono ta m'munsi mwa tsamba! Timeneti ndi timene timakulozerani kumene kuli mapepala enieni, monga a msonkho wa mu 1379, osungidwa ku National Archives, ku Kew, mu London.

Nchito yolemba mabukuwa sinathe mpaka lero, ndiye midzi ina mulibemo. Zikatero, funsani ku nyumba yosungira zolemba zakale ya m'cigawo cimeneco. Koma konzekani, mapepala ambiri ali m'Cilatini.