Chigoba cha Nyenje Chimene Chinalowa m'Masewera a ku Japan

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa likuswa mtengo, mapiri a kwa Kasakula m'boma la Ntchisi amadzazidwa ndi kulira kwa nyenje. Anyamata poweruka kusukulu amathyola bango lalitali, napaka ulimbo wa kachere kunsonga kwake, ndi kumanyang'ama pansi pa mitengo kufunafuna pamene pakuchokera phokosolo. Nyenje zikagwidwa amazithothola mapiko ndi kuzikazinga ndi kamchere, ndipo tsiku limenelo nsima imatsetsereka.

Koma pali kanthu kena kamene anyamatawo amangokapitirira. Pa thunthu la mtengo pamakhala patakangamira chigoba chofiirira, chokhala ndi miyendo ndi maso omwe, koma chong'ambika kumsana ndiponso chopanda kanthu m'kati. Chimenechi ndi chikopa chimene nyenje yafundula. Mwana akachitsina chimangophwanyika ngati tsamba louma. Komatu chigoba chonyozekachi ndicho chinabala chimodzi mwa zilombo zodabwitsa kwambiri m'masewera a pakanema otchedwa Pokémon, amene amaseweredwa ndi anthu miyandamiyanda padziko lonse lapansi.

Amene anayambitsa masewerawa ndi Satoshi Tajiri, yemwe anabadwa m'chaka cha 1965 nakulira ku Machida, kufupi ndi mzinda wa Tokyo ku Japan. Ali mnyamata ankatha masiku m'minda ndi m'maiwe kusaka tizilombo, mpaka anzake anam'patsa dzina loti dokotala wa tizilombo. Mzinda utayamba kukula, minda ndi maiwe aja zinakwiriridwa ndi nyumba ndi misewu, ndipo tizilombo tija tinasowa. Atakula, Tajiri anafuna kuti ana a m'tauni alaweko chisangalalo chimene iye anachidziwa. Choncho m'chaka cha 1996 kampani yake ya Game Freak, mogwirizana ndi ya Nintendo, inatulutsa masewerawa pa kamakina kogwira m'manja kotchedwa Game Boy. Poyamba zilombo zinalipo 151; lero zaposa 1,000.

Kaseweredwe kake ndi kotere. Wosewera amayendayenda m'dziko lopeka kugwira zilombo, ndipo amaloledwa kuyenda ndi zilombo zisanu ndi chimodzi basi. Chilombo chilichonse chili ndi zida zomenyera zosapitirira zinayi, ndiponso mapointi a moyo amene amachepa chikamenyedwa, akatha, chakomoka. Zilombo ndi zida zake zinagawidwa m'mitundu, monga wa moto, wa madzi, wa udzu, wa mwala, wa tizilombo ndi wa mizukwa, ndipo kuyambira m'chaka cha 2013 mitunduyi ilipo 18.

Apa ndi pamene pagona masamu. Madzi amazima moto, moto umatentha udzu, udzu umamwa madzi. Chida chikakhala cha mtundu wogonjetsa mdani, mphamvu yake imachulukitsidwa ndi 2. Chikakhala cha mtundu umene mdaniyo amaupirira, mphamvuyo imatsika ndi theka. Pali mitundu inanso imene siikhudzana konse, ndipo pamenepo mphamvu imachulukitsidwa ndi 0. Chilombo chikakhala cha mitundu iwiri, manambala awiriwo amachulukitsidwa pamodzi.

M'chaka cha 2002, m'masewera otchedwa Ruby ndi Sapphire, munalowa lamulo latsopano lakuti chilombo chilichonse chikhale ndi luso lobadwa nalo. Lusoli si chida ayi, pakuti wosewera salisankha pankhondo ndipo silitha. Limangogwira ntchito lokha nthawi yake ikakwana, monga momwe minga ya nungu imatetezera mwini wake ngakhale ali m'tulo.

M'masewera omwewo munatuluka banja la zilombo zitatu zotengera moyo wa nyenje. Choyamba ndi Nincada, chimene chimakhala pansi panthaka, monga amachitira mwana wa nyenje weniweni amene amatha zaka ali m'dothi kuyamwa madzi a m'mizu ya mitengo. Chikafika pa msinkhu wa 20 chimasanduka Ninjask, nyenje yamapiko imene luso lake ndi kuonjezera liwiro pakutha pa ulendo uliwonse wa nkhondo. Popeza Ninjask ndi wa mitundu iwiri, wa tizilombo ndi wa zouluka, ndipo yonse iwiri imagonja ku mwala, chida cha mwala chimam'pweteka 2 kuchulukitsa ndi 2, ndiye kuti kanayi. Cha udzu chimam'pweteka theka la theka, pamene cha nthaka sichim'khudza n'komwe.

Tsono chodabwitsa chimachitika pa nthawi ya kusandukayo. Ngati wosewera ali ndi malo opanda kanthu pagulu lake la zilombo, amangopeza kuti pabwera chilombo china chimene sanachigwire. Chimenechi ndi Shedinja, chigoba chija chimene Nincada wachisiya. Kuyambira m'chaka cha 2006 pamafunikanso kuti wosewerayo akhale ndi kampira kapadera kosungiramo zilombo. Nthano ya m'masewerawa imati chigobachi sichipuma, chimangoyandama m'malere osakupiza mapiko, ndipo chimaba mzimu wa munthu wosuzumira pa mng'alu wa kumsana kwake. Izi sizachilendo kwa anthu a ku Japan, pakuti kuyambira kale alakatuli awo akhala akugwiritsa ntchito chigoba cha nyenje, chimene amachitcha utsusemi, ngati chizindikiro cha kusakhalitsa kwa moyo uno.

Zilombo zina zikakula zimakhala ndi mapointi a moyo mazanamazana, koma Shedinja ali ndi pointi imodzi yokha, ndipo siionjezereka ngakhale ataleredwa motani. Chimene chimam'pulumutsa ndi luso lake lotchedwa Wonder Guard, kutanthauza chitetezo chodabwitsa. Lamulo lake ndi lalifupi: chida chomenyera sichingam'pweteke pokhapokha chikhale cha mtundu womugonjetsa. Chida chimene chikanam'pweteka mwa masiku onse, kapena ndi theka, chimangopita pachabe.

Shedinja ndi wa mtundu wa tizilombo ndiponso wa mizukwa. Tizilombo timagonja ku moto, ku zouluka ndi ku mwala. Mizukwa imagonja ku mizukwa inzake ndi ku mdima. Ndiye kuti pa mitundu 18 ija, isanu yokha ndiyo ingam'gwetse, pamene 13 yotsalayo ilibe naye chochita. N'chifukwa chake Kyogre, chinsomba chachikulu chimene nthano ya masewerawa imati chinakuza nyanja, chimasowa pogwira chikakumana ndi kachigoba aka, ngati zida zake zili za madzi, za madzi oundana ndi za mphezi monga zimakhalira kawirikawiri. Chimphona chimamenya mpaka kutopa, kachigoba kali phee.

Nanga bwanji osewera onse sangodalira Shedinja? Yankho lili m'mawu a lamulo lija. Lamulolo likunena za zida zomenyera zokha. Silinatchulepo za zowawa zobwera mwa njira zina. Mdani akam'thira poizoni kapena kum'siyira chilonda cha moto, pointi imodzi ija imachoka pakutha pa ulendo womwewo. Mphepo ya mchenga imachotsa gawo limodzi mwa magawo 16 a moyo wa chilombo, koma siichotsa zochepera pointi imodzi. Choncho chilombo chotchedwa Tyranitar, chimene luso lake ndi kudzutsa mchenga chikangolowa m'bwalo, chimagwetsa Shedinja osam'khudza. Miyala yakuthwa imene mdani amatchera pansi, yotchedwa Stealth Rock, imam'komola akangoponda m'bwalomo. Palinso zilombo monga Pinsir zimene zingakhale ndi luso la Mold Breaker, lomwe limanyalanyaza chitetezo cha mdani ngati kuti palibe. Chigoba chimene chinapirira nyanja chimagwa ndi fumbi.

Pa chifukwa ichi, wosewera wanzeru satulutsa Shedinja mwachisawawa. Amayamba wafufuza zida zimene mdani ali nazo, natumiza zilombo zina kukagwetsa za moto ndi za mwala ndi kusesa misampha ya pansi. Ena amam'patsa lamba wotchedwa Focus Sash, amene amam'lola kupirira kumenyedwa kamodzi, ngakhale kuti lambayo sathandiza pa poizoni kapena mchenga. Kuyambira m'chaka cha 2019 kulinso nsapato zapadera zoteteza ku misampha ija. Koma chilombo chimanyamula chinthu chimodzi chokha, motero wosankha lamba wataya nsapato. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo Shedinja wopanda anzake asanu ndi chigoba chabe.

Makolo ambiri amadandaula kuti masewera a pakanema amadya nthawi ya ana, ndipo dandauloli lili ndi maziko, pakuti mwana wochezera pafoni usiku amawodzera m'kalasi. Komabe mphunzitsi watcheru angapezemo phindu. Kuchulukitsa theka ndi theka, kumene kumavutitsa ana ambiri m'makalasi a pulayimale, ndiko kumene wosewera amachita m'mutu pa ulendo uliwonse. Ndipo luso lowerenga lamulo mosamala, kuona chimene lanena ndi chimene lasiya, ndilo lidzafunike kwa wotsiriza sukulu pamene adzapatsidwa pepala la ngongole kapena la mgwirizano wa ntchito kuti asayine. Zonsezi zingaphunzitsidwe ndi choko pa bolodi, popanda makina ena alionse.

Chachikulu koposa ndi chakuti amene anapeka zilombo zitatuzi sanazitole m'maloto. Anayang'anitsitsa nyenje yeniyeni: kukhalitsa kwake m'nthaka, liwiro lake ikatuluka, ndi chigoba chimene imasiya. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wa kwa Kasakula, ngakhale amene sanagwirepo makina a masewerawa, ali ndi mwayi, pakuti nyenje zikadalira kuseri kwa sukulu yake. Iye angathe kuona ndi maso ake kuti yolira ndi yaimuna yokha, ndi kuti siilira ndi pakamwa koma ndi timinofu ta m'mbali mwa mimba yake.

Koma nyenje nayo ili ndi lamulo lake losakambirana. Mwana wake amadya m'mizu ya mtengo wamoyo. Phiri likametedwa ndi ootcha makala kapena ofuna nkhuni, mizu imauma, ndipo ana a nyenje amafera pansi osaonedwa ndi munthu. Mitengo ya m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa ikatha, adzukulu a anyamata a ulimbo aja adzaidziwira nyenje pakanema pokha.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za Kecleon, chilombo chotengera bilimankhwe, chimene chimasintha mtundu wake molingana ndi chida chimene chachimenya.